Nkhope ya M'kalilole

1. Chipeso pakamwa

Tsiku lomaliza limene Injiniya anaona achemwali ake ali moyo, iwo anali ataluma chipeso. Manja onse awiri anali m'mutu mwa kasitomala, ndipo mawu ankatulukira m'mano ngati a munthu wodwala chibwano.

Ankamuuza kuti kabokosi ka kompyuta kayambanso kulira ngati udzudzu. Iye anagwada kuseri kwa kauntala, n'kusuntha mabotolo a mafuta odzola kumutu, n'kupeza kuti tsitsi lakola m'kafani koziziritsira makina. M'saluni tsitsi limalowa paliponse. Umalipeza m'tiyi, m'thumba la malaya, ngakhale m'kompyuta.

Achemwali analavula chipeso chija m'dzanja. "Ukakonza bwino ndikukweza pantchito, uyambe kusesa. Pajatu tsache silifuna satifiketi."

"Mukamanditonza chonchi, tsiku lina ndidzakuthawani."

"Uthawire kuti? Ku koleji anakuona kale."

Kasitomala anaseka mpaka mzere umene ankalukidwa unapindika, ndipo achemwali anamuwongola mutu ndi zala ziwiri.

Dzina lakuti Injiniya silinali laulemu. Mnyamatayu anapita ku koleji kukaphunzira za makompyuta, masamu anamugwetsa kawiri, ndipo anabwerako ndi chikwama chokha. Anthu a mumsewu wawo anamupatsa dzinalo kuti bala lisapole. Achemwali ake okha ndi amene ankalitchula mosabaya.

Atamaliza mutu uja, achemwali anasamba m'manja, n'kutenga kachikwama kawo, n'kunena kuti akupita m'tauni kukagula mameshi. Pakauntala anasiya buledi wolumidwa mbali imodzi. Ali pakhomo anatembenuka n'kumuchenjeza kuti buledi ameneyo amudziwa kukula kwake, asayerekeze.

Injiniya sanadzutse mutu. Kasikulu komangira kabokosi kanali katagwera pansi, ndipo ankakafufuza ndi chikhatho m'tsitsi losesedwa. Anangomva njinga yamoto imene achemwali anakwera ikulira panja, n'kumazilala.

Njingayo inakumana ndi lole pamphambano. Buledi uja anakhala pakauntala mpaka anachita nkhungu, chifukwa panalibe amene analimba mtima kumutaya.

2. Khonde

Kabokosi kaja kanali kakompyuta kakang'ono, kosaposa njerwa. Mkati mwake munali malo olembapo nkhani pa intaneti, amene achemwali anawatcha Khonde.

Maganizo anali a achemwali, manja anali a Injiniya. Woluka tsitsi amamva zambiri. Mzimayi akaweramitsa mutu, osaona nkhope ya womumvera, pakamwa pamamasuka. Achemwali anatopa ndi kusenza okha nkhani za anthu. Tsiku lina anafunsa mlongo wawo ngati pangapezeke malo amene mzimayi angalembe zakukhosi popanda kupereka dzina, nambala ya foni kapena chithunzi.

Injiniya anagwira ntchitoyo ngati akulembanso mayeso amene anamukana aja. Khonde silinkafunsa dzina. Silinkasunga kumene munthu walembera. Silinali la kampani iliyonse. Makonde ena otere alipo ambirimbiri, lililonse ndi mwini wake, ndipo amapatsana nkhani monga anansi amapalirana moto. Munthu akalemba pakhonde limodzi, makonde ena amene ali ndi omuwerenga amatengako nkhaniyo n'kukaisunga kwawo. Palibe bwana mmodzi amene angatseke onse.

Zimenezi ndi zimene Injiniya ankanyadira. Ankati ngakhale iye mwini, wosunga kiyi wa kabokosi, atamupanikiza chotani sangatchule dzina la wolemba ndi mmodzi yemwe, poti mayinawo kulibe kumene analembedwa.

Azimayi ambiri mafoni awo ankafufuzidwa kunyumba. Choncho m'dilowa ya pansi pa kalilole munkakhala foni yakale yong'aluka galasi. Mzimayi akalowetsa mutu m'chisoti choumitsira tsitsi, achemwali ankamuyala thaulo pamiyendo, foni ili m'kati. Chisoti chikamalira, zala zinkalemba.

Achemwali nawo ankalemba, ndi dzina loti Mwini Khonde. Owerenga awo ambiri anali kutali, kumalo amene iwo sanapondeko, ndipo panalibe amene ankadziwa kuti Mwini Khonde ndi woluka tsitsi.

Koma wolemba amene ankawerengedwa kwambiri anali Mame. Nkhani yake inkatuluka Lachitatu lililonse. Ankalemba za mwamuna amene amakhoma geti ndi loko popita kuntchito, mkazi ali m'kati. Mwamuna womwetulira pagulu, wodziwa kumenya malo amene zovala zimabisa. Kumalo kumodzi kokha ndi kumene ankamulola kupita, kokonzetsa tsitsi, chifukwa ankafuna kuti anzake aziona kuti mkazi wake amasamalidwa. Nthawi ina Mame analemba za dzanja lake lamanzere limene linamangidwa bandeji, ndi mmene anauzira adokotala kuti anaterereka m'bafa.

Miyezi yapitayi nkhani zake zinayamba kusintha. Ankati akusonkha mphamvu pang'onopang'ono ngati nyerere, ndipo watsala pang'ono kutuluka. Chimene chinkamusunga chinali chimodzi: mwamunayo sankadziwa kuti mkazi wake amalemba.

Lachitatu m'saluni munkadzaza, ndipo Injiniya sankayang'ana amene wayalidwa thaulo. Nkhope ya Mame sankaidziwa, ndipo sanayesepo kuidziwa.

3. Mawu a amalume

Pamaliro anayankhula amalume. Anati malemu anali mwana wofatsa, wolimbikira ntchito yake ya manja. Anati chomvetsa chisoni n'chakuti wapita osasiya mwana, osasiya banja, wangosiya zipeso. Kenako anayamba kuthokoza amene anabwereketsa mipando ndi amene anapereka galimoto, ndipo pamenepo ndi pamene anachedwa.

Kumbuyo kwa Injiniya mzimayi wina ananong'oneza mnzake kuti nanga tsopano mutu wake aziupereka kwa yani. Injiniya anadzuka, n'kudutsa pakati pa anthu, n'kukaima kuseri kwa nyumba mpaka mwambo unatha.

Patapita masiku anatsegula saluni, n'kukhala pansi pafupi ndi kabokosi, n'kuyatsa laputopu yake. Pakhonde panali patadzaza mafunso. Ena ankafunsa ngati Mwini Khonde akudwala. Ena ankaseka kuti kapena wakwatiwa n'kuwaiwala. Mtsikana wina analemba kuti chifukwa cha mawu a Mwini Khonde anabwerera kusukulu. Mzimayi wina anati analimba mtima kupita kuchipatala ndi chotupa chimene anachibisa chaka chathunthu.

Injiniya anawerenga mpaka zilembo zinayamba kusambira. Odziwa dzina la achemwali ake sankadziwa ntchito yawo. Odziwa ntchito yawo sankadziwa dzina. Ndiye munthu ameneyu analiridwa ndi yani?

Sabata yotsatira azakhali ake anayamba kutsegula saluni tsiku lililonse. Anati manja akangokhala, mtima umawola. Iwowa ndi amene anaphunzitsa malemu kuluka, ndipo kupatula Injiniya, ndi iwo okha amene ankadziwa za foni ya m'dilowa. Makasitomala anayamba kubwerera, thaulo linayambanso kuyalidwa, ndipo Lachitatu nkhani ya Mame inatuluka monga kale.

4. Chenjezo la azakhali

Lachiwiri lina masana, m'saluni muli zii, Injiniya anaika laputopu pamiyendo ya azakhali ake. Anali atalemba uthenga wouza owerenga kuti Mwini Khonde anamwalira. Anaikamo dzina lawo lonse, dzina la saluni, ndi chithunzi.

Azakhali anapukuta mafuta m'manja, n'kuvala magalasi awo omangidwa ndi ulusi, n'kuwerenga milomo ikugwedera. Atamaliza anatseka laputopuyo pang'onopang'ono.

"Mwana wa achimwene anga, khala apa. Ine za makompyuta sindizidziwa, ndimangoona kanyali kobiriwira kakuphethira. Koma msewu uno ndimaudziwa. Iwe ukuti kabokosi sikasunga mayina. Chabwino. Nanga anthu? Anthu amasunga. Ukangonena kuti Mwini Khonde anali woluka tsitsi wa pano, aliyense ayamba kukumbukira amene amalowa pakhomo ili. Amene analemba za apongozi ake adziwika. Amene analemba za matenda ake adziwika. Nanga uja wa geti? Mageti okhomedwa masana, munthu ali m'kati, alipo angati kuno?

"Waona mmene timalukira. Mzere wonse umagwidwa ndi kamfundo kamodzi kumapeto. Ukamasula kamfundoko, sufunikanso kukoka, mzere umadzimasukira wokha mpaka pamutu. Dzina la mlongo wako ndiye kamfundo kameneko. Sanalibise chifukwa cha manyazi. Anaima ngati chitseko kuti ali m'katiwo asaoneke. Tsono iwe ukufuna kuzula chitseko, upite nacho pamsewu, anthu aone mmene chinakongolera.

"Ndikudziwa chimene chikukudya. Amalume ako ndinawamva, nanenso ndinaluma mlomo. Koma womwalira samva kuwomba m'manja, mwanangu. Amoyo ndi amene amamva zibakera. Lira. Lira mpaka maso atupe, mathaulo tili nawo ambiri. Ukafuna kuwauza owerenga kuti Mwini Khonde kulibenso, auze, ayenera kudziwa. Koma dzina ndi nkhope uzisiye kumanda, kumene tinazisiya kale."

Injiniya anayang'ana pansi. Kenako anafunsa, "Ndiye afe kawiri?"

Iye anapitiriza yekha. Anati Khonde analimanga ndi manja ake ndipo amadziwa pamene pangadonthe. Anati chithunzi chilichonse chimanyamula zizindikiro zobisika zosonyeza malo ndi nthawi imene chinajambulidwa, ndipo iye amadziwa kuzichotsa. Anati anthu akhala akumuuza kuti sadziwa kanthu kuyambira tsiku limene anabwerako ku koleji, koma pa chinthu chimodzi ichi amusiye.

Azakhali anavula magalasi n'kunena kuti mawu awo athera pomwepo. Anatenga tsache n'kuyamba kusesa pansi pamene panali posesa kale.

5. Theka la kumvera

Lachitatu m'mawa Injiniya anakhala patebulo kunyumba n'kutsegulanso uthenga uja. Anachotsa dzina la saluni. Anachotsa dzina la bambo, n'kusiya loyamba lokha. Anadziuza kuti wawamvera azakhali, mwina osati zonse, koma theka lalikulu.

Chithunzi ndiye sanathe kuchichotsa. Anachijambula yekha miyezi ingapo m'mbuyomo. Achemwali anali ataima pakati pa saluni, chipeso chili chobaya m'tsitsi lawo, akuseka mpaka mpata wa m'mano mwawo kuonekera. Pazithunzi zina zonse ankatseka pakamwa. Ichi chokha ndi chimene chinali iwowo.

Anachotsa zizindikiro zobisika zija mosamala. Anabwereza kuti atsimikize. Zonse zinali zoyera. Nthawi yonseyi maso ake anali pankhope imodzi yokha.

Anadina batani lotumizira. Kenako anazimitsa foni yake, chifukwa ankadziwa kuti azakhali aimba kuti amukalipire, ndipo tsiku limenelo sankafuna kukalipiridwa.

Anapita kumanda. Anazula tiudzu timene tinayamba kumera m'mbali, n'kukhala pansi, n'kuwafotokozera achemwali ake zimene wachita. Anawauza kuti tsopano anthu adziwa. Anawauzanso kuti buledi wawo sanamukhudze. Anaseka yekha, kenako analira, ndipo pobwerera anamva thupi kupepuka kwa nthawi yoyamba chichitikire ngozi.

6. Kuseri kwa phewa

Dzuwa litapendeka anayatsa foni ali pamsewu. Azakhali anali ataimba kambirimbiri. Iye anadumpha zimenezo n'kutsegula Khonde.

Mauthenga anali mbwee. Anthu a pamakonde akutali ankalira, ankathokoza, ankapatsirana chithunzi chija. Wina analemba kuti ankaganiza kuti Mwini Khonde ndi mayi wachikulire, osadziwa kuti ndi mtsikana wa kumwetulira kotere. Injiniya anaima pansi pa mtengo akuwerenga, chifuwa chikufufuma.

Pakati pa mauthengawo panali mzere umodzi wa Mame.

"Chonde chotsani chithunzicho. Yang'anani m'kalilole."

Anatsegula chithunzi n'kuchikulitsa ndi zala ziwiri. Kuseri kwa phewa la achemwali kunali kalilole wamkulu wa m'saluni. M'kalilolemo munali mzimayi atakhala m'chisoti choumitsira tsitsi. Nkhope yake inkaoneka kuyambira pamphumi mpaka pachibwano. Thaulo linali litatsetsereka pabondo, ndipo m'manja mwake munali foni yong'aluka galasi. Dzanja lamanzere linali ndi bandeji.

Injiniya anathamanga. Anafika pasaluni mpweya ukumuthera, n'kupeza azakhali atakhala pampando wa makasitomala, manja ali pamiyendo.

Sanamukalipire. Anangomufotokozera mmene zinayendera. Mzimayiyo anabwera m'mawa monga mwa masiku onse, mwamuna wake akudikira m'galimoto panja. Atalowa m'chisoti n'kutsegula foni, sanakuwe. Anakodola azakhali ndi chala n'kuwaonetsa. Azakhali anaimba foni ya Injiniya, n'kuimbanso, koma inali yozima, ndipo kiyi wochotsera uthenga wa Mwini Khonde anali ndi iye yekha. Mzimayiyo analemba mzere wake uja, n'kupukuta nkhope ndi thaulo, n'kudikira kuti tsitsi liume. Kutuluka lisanaume kukanabweretsa mafunso. Kenako anathokoza n'kukakwera galimoto.

7. Moto wopalidwa

Injiniya anagwada pa kabokosi n'kuchotsa uthenga uja. Pakhonde pawo unazimiririka nthawi yomweyo. Kabokosi kanatumiza pempho ku makonde ena kuti nawonso afufute, ndipo ambiri anafufuta.

Koma ukazimitsa moto wa kwanu, wa kwa anansi amene anapala m'mawa suzima. Panali khonde lina limene mwini wake analisiya kalekale likuyenda lokha, ndipo pempholo linagogoda popanda woyankha. Chithunzi chinakhalabe pamenepo, poyera. Injiniya analembera eni makonde mmodzimmodzi, kuwachonderera. Mayi wina wa khonde lakutali anayankha kuti kwawo wafufuta, koma zimene anthu asunga m'mafoni awo sangazifikire. Anawonjezera kuti ngati pali njira, mzimayi wa m'kaliloleyo achenjezedwe kuti achoke pamene ali. Injiniya analibe njira yomufikira mobisa. Analibe dzina, analibe nambala. Anazikonza yekha kuti zikhale choncho.

Chimene chinamaliza zonse sichinali chidani. Mnyamata wina wobadwira mumsewu wawo, amene ankagwira ntchito kunja, anaona chithunzicho n'kuzindikira nkhope ya achemwali. Anasangalala. Anachitumiza ku gulu la pafoni la anthu a m'dera lawo, n'kulemba kuti taonani, mwana wa kwathu anali munthu wotchuka ife osadziwa.

Pofika Lachisanu nkhani inali pasiteji ya basi ndi pamzere wogula mankhwala. Anthu amene sanamvepo za Khonde anayamba kuliwerenga, osati kuti amve, koma kuti alote. Uyu wa apongozi ndi wakutiwakuti. Uyu wa chotupa si uja anaonda chaka chatha? Zinasanduka masewera. Injiniya anabisa nkhani zonse zakale kuti alendo asazione, koma zambiri zinali zitakopedwa kale.

Amalume anabwera kunyumba n'kumugwira chanza ndi manja awiri. Anati sankadziwa kuti mwana wa mlongo wawo anali munthu wamkulu chonchi, ndipo akanadziwa akanayankhula zambiri pamaliro. Azimayi a kumsika ankamuimitsa Injiniya kuti amuuze kuti mlongo wake anali mngelo. Kwa nthawi yoyamba wina anamutchula Injiniya mosanyoza.

Ulemu umene ankaufuna uja unafika wonse. Unali ngati kutafuna phulusa.

M'saluni munayamba kuchepa anthu. Amene ankabwerabe ankakana thaulo, n'kumayang'ana kukhoma. Foni yong'aluka inagona m'dilowa.

Loweruka Injiniya anagwira chingwe cha magetsi cha kabokosi kuti achizule. Azakhali anamugwira pamkono.

"Ukazimitsa, akafuna kuitana aitanira pati?"

Anachisiya. Kanyali kobiriwira kanapitiriza kuphethira pakati pa mabotolo.

8. Mpando wopanda munthu

Lachitatu lotsatira azakhali anatsegula molawirira. Anapukuta chisoti choumitsira tsitsi, n'kupinda thaulo loyera, n'kuliika pampando. Injiniya anakhala kuseri kwa kauntala, laputopu ili pamiyendo, tsamba la Mame lili lotsegula.

Galimoto yoyera inaima panja. Chitseko chimodzi chokha ndi chimene chinatseguka.

Analowa bambo wovala bwino, nsapato zopukutidwa, fungo la sopo wodula. Anapereka moni mwaulemu, n'kupepesa azakhali za maliro. Anati anamva mochedwa kuti malemu anali munthu wothandiza azimayi chonchi, ndipo dera lataya munthu. Mawu ake anali ofewa ngati a wolengeza nkhani pawailesi.

Akuyankhula choncho ankayenda pang'onopang'ono, mpaka anaima pakati pa saluni, pamalo enieni pamene achemwali anaima m'chithunzi chija. Anatembenuka n'kuyang'ana kalilole. Anayang'ana mpando wa chisoti, n'kuyang'ananso kalilole, ngati mmisiri woyeza khoma.

Kenako anati wangodutsa kudzanena kuti akazi ake mutu ukuwavuta masiku ano, sakutuluka. Za tsitsi azikonzera kunyumba. Atafika pakhomo anaima, n'kufunsa kuti kodi chithunzi chokongola chija anajambula ndani.

Injiniya anadzuka. "Ndine."

Bamboyo anamwetulira. "Muli ndi dzanja labwino, achimwene. Zonse zikuoneka bwinobwino."

Galimoto inanyamuka. Azakhali anapita pawindo n'kuiperekeza ndi maso mpaka inakhota. Injiniya anakhala pansi pomwe anaimapo, n'kubisa nkhope m'mawondo. Ananena kuti akanakonda lole ija ikanatenga iyeyo.

"Zimenezo usanenenso," anatero azakhali, osatembenuka. "Maliro amodzi atikwana. Tamvera, mwanangu. Iwe sunachite izi chifukwa choipa mtima, unachita chifukwa chokonda. Koma chikondi chikamathamanga chimayang'ana nkhope imodzi, osaona ena amene ali m'chipindamo. Unafufuta zimene makina amaona, n'kuiwala zimene maso a munthu amaona. Madzi atayika, sitiwaolanso. Koma kukhala pansi n'kumadzitemberera ndi kudzikondanso, chifukwa ukatero nkhani yabwerera kwa iwe. Nkhani si iwe, si mlongo wako. Nkhani ndi mwana wa eni uja ali kuseri kwa geti. Misozi yako siimutsegulira. Dzuka."

Anatenga chikwama cha nsalu n'kuyamba kulongedza: zipeso, lumo, botolo la mafuta, mameshi. Anatsegula dilowa, n'kutulutsa foni yong'aluka, n'kuikulunga m'thaulo loyera lija.

Injiniya anawafunsa kumene akupita.

"Sunamve? Wati azikonzera tsitsi kunyumba. Ndiye woluka tsitsi apita kunyumbako. Galimoto yakhotera njira ya kuntchito, ndaiona. Nyumba ndikuidziwa, ndipo geti lililonse lili ndi mpata pansi. Unyamule chikwama ichi, maso ako akhale pamsewu. Chimene tikapeze sindikuchidziwa."

Injiniya anapukuta kumaso ndi mkono wa malaya n'kumanga zingwe za nsapato. Asanatseke laputopu anadina tsamba la Mame kamodzinso, mwina china chalowa.

Panalibe chatsopano. Pamwamba panali mzere womwe uja wopempha kuti ayang'ane m'kalilole, ndipo pansi pake, m'tizilembo totuwa, panali tsiku limene unalembedwa.

Lachitatu, pa 12 Juni.